Zitsulo za Mpeni wa ku Lundazi

Mpeni umene mayi wa ku Lundazi akudulira nkhwani lero ungakhale wochokera ku China, ku South Africa, kapena kunsi kwa lole ina imene inafera pa msewu wa ku Chipata. Agogo a agogo ake analibe chifukwa chofunsira kumene mpeni wachokera. Chitsulo chake chinkakumbidwa m'mphepete mwa dambo la komweko, n'kuphikidwa ndi makala a mitengo ya komweko, ndipo wosula wake anali munthu wodziwika dzina ndi mfunda womwe. Pakati pa mipeni iwiriyi pangodutsa zaka zoposa 100 pang'ono, koma m'manja mwa anthu a derali mwadutsa zitsulo za mitundumitundu, chilichonse ndi khalidwe lake.

Palibe chitsulo chokhala ndi zabwino zonse. Cholimba kwambiri chimakhalitsa chili chakuthwa, koma chikakumana ndi fupa chimabenthuka, ndipo tsiku loti chinoledwe munthu amatuluka nacho thukuta. Chofewa chimabuntha msanga, mwina kupindika kumene, koma mwala uliwonse wa kumtsinje umachibwezera kuthwa. Chosachita dzimbiri chili ndi mtengo wake umene chimalipira kwina. Osula a ku Lundazi, a Chitumbuka ndi a Chichewa omwe, akhala akusankha pakati pa zimenezi kuyambira kale, ngakhale kuti sankazitchula ndi manambala. Ndipo ukaitsata bwino mbiriyi, chimene chakhala chikugamula mlandu si kulimba kwa chitsulo ayi. Ndi funso loti mpeniwo ukabuntha kapena ukathyoka, pamudzipo pali woukonza kodi?

Lundazi ili pamtunda umene umagawa madzi, ena kutsikira ku Luangwa, ena kulowera ku nyanja ya Malawi. Kum'mawa kwake kuli Mzimba ndi Kasungu. Ku Lundaziko kuli Atumbuka a kwa Mphamba, Achewa a kwa Mwase, Angoni a kwa Magodi ndi a kwa Phikamalaza, ndipo kuchigwa kuli anthu a kwa Kazembe, a kwa Chitungulu ndi a kwa Mwanya. Mu 2018 boma linadula chigawochi patatu, n'kubadwa Lumezi ndi Chasefu, koma pa nkhani ya zitsulo dera lonseli ndi limodzi, pamodzi ndi tsidya la Malawi. Malire amene azungu anajambula anadutsa pakati pa anthu amene ankakwatirana, kugulana makasu ndi kuphunzitsana luso losula zitsulo.

Chitsulo chinafika kuno kale kwambiri. Pa Kamnama, kumpoto kwa Chipata pamtunda womwewu, katswiri wofukula zakale David Phillipson anapeza mudzi waukulu wokhala ndi zotsalira za ng'anjo, wa pakati pa zaka za m'ma 200 ndi 400. Ku phiri la Phopo, pafupi ndi nyanja ya Kazuni ku Rumphi, Keith Robinson anapeza zofanana nazo, za nthawi yomweyo. Ndiye kuti anthu a chigawo chino anakhala akuphika chitsulo kwa zaka zoposa 1,500 asanaone khasu la m'sitolo.

Ng'anjo za zaka za m'ma 1800 ndi zimene timazidziwa bwino, chifukwa zina zikadaimabe m'nkhalango, monga m'nkhalango ya Kasungu imene yayang'anizana ndi ya Lukusuzi, komanso chifukwa akuluakulu amene anaziona zikuyaka ali anyamata anakhalapo mpaka zaka za m'ma 1980. Kumayambiriro kwa zaka zimenezo, Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery anapempha akuluakulu a kwa Chulu ku Kasungu, kufupi ndi malire a Zambia, ndi Aphoka a kumapiri a Nyika kuti amangenso ng'anjo ndi kuphika chitsulo monga ankachitira makolo awo. David Killick naye anafufuza mozama za ng'anjo za ku Kasungu. Zimene anaonazo zimatipatsa chithunzi cha ntchito imene inkachitikanso tsidya lino la malire.

Ng'anjoyo inkamangidwa ndi dothi la pachulu, yaitali kuposa munthu, yotambalala kunsi ndi yopanikiza kumwamba. M'munsi mwake munali makomo, ndipo m'makomomo ankalowetsa timipope tadothi tolowera mpweya. Panalibe wopukusa mvukuto. Ng'anjo inkadzikokera yokha mpweya, chifukwa utsi wotentha ukamakwera, mpweya wozizira umathamangira kunsi. Ankathira makala a mitengo yolimba ndi miyala yachitsulo mosinthanasinthana mpaka kudzaza, n'kuyatsa, ndipo moto unkayaka usana ndi usiku kwa masiku angapo. Vuto linali loti miyala ya kuno, yofiirira ija ya m'mbali mwa madambo, ili ndi chitsulo chochepa. Chotuluka mu ng'anjo yaikulu chinali chibuma chosakanikira, chitsulo pang'ono, zinyalala zambiri. Choncho ankachiswa, n'kusankha tizidutswa tabwino, n'kutiphikanso mu kang'anjo kakang'ono ka mivukuto, kamene a kwa Chulu ankakatcha chiramba. Apo m'pamene pankatuluka chitsulo choti n'kupita nacho ku chipala.

Ntchitoyi inali ndi miyambo yake yoopsa. Ng'anjo inkamangidwa kutali ndi mudzi. Amuna ophika chitsulo ankagona kuthengo komweko, osayandikira akazi awo, ndipo mkazi wa msinkhu wobereka sankaloledwa kufikako. Pansi pa ng'anjo ankakwirira mankhwala, ena otchinga mfiti, ena oti chitsulo chibadwe chambiri, pakuti kwa iwo ng'anjo inali mayi woyembekezera. Alipo amene amaseka zimenezi masiku ano. Ine sindiseka. Munthu amene wagwetsa mitengo, kuwotcha makala milungu yathunthu, kukumba miyala ndi kuisenza, kenako n'kutsekera zonsezo m'chimbiya chimene sangathe kusuzumiramo, ali ndi chifukwa chomveka chofunira kuti pasakhale chosokoneza chilichonse. Ndiponso miyamboyo inkasunga luso m'mabanja ochepa, ndipo mabanjawo ankadya nalo.

Chitsulo cha mu ng'anjo yotere sichinkasungunuka n'kukhala madzi. Chitsulo chenicheni chimasungunuka pa madigiri 1,538, pamene ng'anjo inkafika cha m'ma 1,200. Chimene chinkasungunuka ndi zinyalala, ndipo chitsulo chinkangogwirana chokhachokha. Zotsatira zake zinali zoti chibuma chimodzi chinkakhala ndi makhalidwe angapo. Mbali imene inakhudzana kwambiri ndi makala inkamwa kaboni wambiri n'kukhala yolimba, mbali ina inkatsala yofewa. Kaboni ameneyu ndiye mwini nkhani yonse ya mipeni. Akachepera magawo 0.3 pa 100 alionse, chitsulo sichilimba ngakhale uchichite zotani. Akafika cha pa 0.6, chimalimba koma chimapirira kumenyedwa. Akafika pa gawo limodzi, chimathwa koopsa koma chimayamba kukhala chophweka kuthyoka. Akapitirira magawo awiri, ndiye chija cha miphika ya miyendo itatu, chimene chimasweka chikagwa. Wosula wakale analibe sikelo yoyezera zimenezi. Ankamva ndi dzanja mmene chitsulo chikuyankhira nyundo, n'kudziwa kuti ichi n'cha khasu, ichi n'cha lumo.

Chipala chinali kamsasa ka udzu kunja kwa mudzi. Mvukuto unali wa chikopa cha mbuzi, ndipo mwana kapena mphwake wa wosula ndiye ankaupukusa, dzanja ili likamatsika linalo likukwera. Posulira panali pamwala waukulu, ndipo nyundo yoyambira inalinso mwala, womangidwa ndi luzi kuti munthu augwire ndi manja awiri. David Livingstone, podutsa m'midzi ya Achewa kumapeto kwa 1866 akulowera ku Luangwa, analemba za ng'anjo zimene ankakumana nazo ndiponso za phokoso la osula limene linkamveka m'midzimo. Kumenya kuja kunali ndi ntchito ziwiri: kufinya zinyalala zotsala, ndi kupinda chitsulo mobwerezabwereza kuti cholimba ndi chofewa zilowererane.

Pali chinthu chimodzi chimene osula akalewo sankachita kawirikawiri, ndicho kuviika chitsulo chofiira m'madzi kuti chiume gwa. Akatswiri amene anadula zida zakale za kum'mwera kwa Africa n'kuziyang'ana pa makina okuza zinthu sapeza kwenikweni chizindikiro cha kuviika kotere. Chimene osula ankachita ndi kumenya kukamwa kwa mpeni chitsulo chitazizira, ndipo kumenya kotere kumalimbitsako ndithu. Tikayeza ndi muyezo wa lero, mpeni wawo unali wofewa. Koma taonani ntchito imene unkagwira: kusenda nyama, kusema chipande, kudula luzi, kusadza nsomba za mu Luangwa, kutema mphini. Ukabuntha, mwala unali pakhomo pomwepo. Ukapindika, unkawongoledwa. Ukathyoka, unkabwerera ku chipala n'kukalumikizidwa pamoto, chifukwa chitsulo cha mtundu umenewu chimagwirana mosavuta chikapsa bwino. Sichinali chitsulo chachabe. Makasu ena amene Livingstone anapita nawo kwawo kuchokera ku Zambezi anapezeka abwino moti ku Birmingham anasulira mfuti.

Komabe mpeni sunali mwana woyamba wa ng'anjo. Woyamba anali khasu. Khasu linali chuma: linkagula mchere, nsalu ndi mbuzi, linkapita kwa mfumu monga mtulo, linkalipira milandu, ndipo m'madera ena linkapita kuchikwati. Mbiri ya Atumbuka imati Mlowoka, amene anawoloka nyanja kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 kudzafuna minyanga ya njovu, anakopa anthu a ku Nkhamanga powagawira nsalu, mikanda ndi makasu. António Gamitto, Mpwitikizi amene anadutsa m'dziko la Amaravi ndi Achewa mu 1831 kuchokera ku Tete kupita kwa Mwata Kazembe, analembanso za ntchito yawo ya zitsulo. Khasu likalima zaka zake n'kutha, silinkatayidwa. Wosula ankalisandutsa kasemasema kapena kankhwangwa, chotsala n'kukhala mpeni, ndipo mpeni ukatha unkasanduka lumo, muvi kapena singano yosokera mphasa. Motero mipeni yambiri ya m'midzi inali ya chitsulo chimene chinasankhidwira kulima, choti chikagunda chitsa chisathyoke.

Angoni atabwera, chitsulo chinapeza ntchito ina. Zwangendaba anawoloka Zambezi mu Novembala 1835, ndipo atamwalira kumpoto, ana ake anabwerera n'kukhazikika mbali zonse za Lundazi, M'mbelwa ku Mzimba, Mpezeni kufupi ndi kumene kuli Chipata lero. Midzi yambiri inapasuka, anthu n'kuthawira m'malinga ndi m'mapiri. Koma wosula anali munthu woti agwidwe wamoyo, chifukwa nkhondo imadya mikondo. Ndipo pa mkondo, kufewa kuja kunali chitetezo. Mkondo wopindika pa chishango munthu ankauponda n'kuuwongola nkhondo ili mkati, pamene wothyoka ukanamusiya mwini wake chimanjamanja.

Ng'anjo sizinazime chifukwa choti chitsulo chake chinagonja pa mpikisano wa ubwino. Zinazima chifukwa cha msonkho, sitolo ndi ulendo. Asilikali a Britain atagonjetsa Angoni a Mpezeni mu Januwale 1898, kampani ya British South Africa inayamba kutolera msonkho wa nyumba, ndipo msonkhowo unkafuna ndalama, osati makasu. Anyamata amene akanawotcha makala ndi kusenza miyala anapita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia, ku Joni, kenako ku migodi ya kopa. M'masitolo a Mandala ndi a amwenye munadzaza makasu a ku Ulaya, otsika mtengo moti ntchito ya milungu ingapo ya amuna khumi sikanalimbana nawo. Pofika cha m'ma 1930 ng'anjo za m'chigawo chino zinali zitazizira. Wophika chitsulo anatha, koma wosula anatsala, ndipo anayamba kusula chilichonse chimene chagwa m'manja mwake.

Chitsulo cha m'sitolo chinali mwana wa mafakitale. Kuyambira 1856, pamene Henry Bessemer anapeza njira yopangira chitsulo cholimba chambiri nthawi imodzi, mtengo wake unagwa padziko lonse, ndipo mizinda ya mipeni monga Sheffield ku England ndi Solingen ku Germany inayamba kutumiza katundu kulikonse kumene sitima inkafika. Mpeni umene unatchuka kwambiri kuno ndi Okapi, wopinda uja wa chigumbu cha mtengo ndi kamphete kotsegulira. Unayamba kupangidwa ku Solingen mu 1902, makamaka kuti uzigulitsidwa ku Africa, ndipo mu 1988 ntchito yopanga inasamukira ku South Africa. Mtchona wobwera ku Joni ankafika nawo m'thumba pamodzi ndi chipewa ndi jekete. Chitsulo chake ndi cha kaboni wapakatikati, chofanana kuyambira kunsonga mpaka kuchigumbu, ndiponso choviikidwa kufakitale. Chinkakhalitsa chakuthwa kuposa cha makolo, komabe mwala wa pakhomo unkachitha. Chilema chake ndi dzimbiri. Ukadulira ndimu kapena anyezi chimada, ukachisiya chonyowa usiku umodzi m'dzinja m'mawa chafiira. Anthu anazolowera kuchipukuta pa buluku ndi kuchipaka mafuta a nyama. Chimene chinatayika n'chakuti mpeni wotere ukathyoka kamphete kapena kasipuling'i kake, wosula wa pamudzi analibe chochita nawo kwenikweni.

Alendo obwera ku Lundazi amathamangira kukajambula nyumba ija yonga linga la mafumu a ku Ulaya, imene bwanamkubwa wachizungu Errol Button anayamba kumanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Ndi yokongola ndithu. Koma pamene njerwa zake zinkawotchedwa, m'midzi yozungulira munali madoda amene anaonapo ng'anjo ikuyaka, ndipo zimene ankadziwa zinapita nawo kumanda mosalembedwa mokwanira.

Chitsulo chimene ine ndimachiona kuti chinagwirizana kwambiri ndi dziko lino chinabwera ndi galimoto. Malole a fodya, thonje ndi mtedza ankathyola masipuling'i pa msewu wa makilomita pafupifupi 180 wochokera ku Chipata, ndipo chothyoka chilichonse chinali chuma kwa wosula. Sipuling'i yaphwatalala ya lole imapangidwa kawirikawiri ndi chitsulo cha mtundu umene amisiri amautcha 5160, chokhala ndi kaboni pafupifupi magawo 0.6 ndi chromium wosakwana gawo limodzi pa 100. Anachikonza kuti chizipindika n'kubwerera kambirimbiri osathyoka, ndipo khalidwe limeneli ndi lomwe chikwanje, nkhwangwa ndi mpeni wophera mbuzi zimafuna. Nyengo yake yeniyeni inali ya mavuto. Malire ndi Rhodesia atatsekedwa mu 1973, mtengo wa kopa n'kugwa mu 1975, katundu anasowa m'masitolo a Zambia, ndipo anthu amene anali atazolowera kugula anabwerera ku chipala.

Ndi bwino kuima pambali pa wosula wa masiku ano n'kuona mmene amachitira. Mvukuto wachikopa unalowedwa m'malo ndi gudumu la njinga lopukusa kachipupizira, ndipo posulira ndi pachidutswa cha njanji kapena cha ekiselo ya lole. Amadula sipuling'i ili yofiira, n'kuitambasula ndi nyundo mpaka itatenga thupi la mpeni, n'kuipala ndi tupa. Kenako imafika ntchito imene agogo ake sankaidziwa. Amaubwezera mpeniwo pamoto mpaka ufiire mofanana monse, pafupifupi madigiri 800, ndipo ena amayesa ndi maginito a mu sipika ya wailesi, chifukwa chitsulo chikadutsa madigiri 770 maginito sachigwiranso. Akatero amauviika m'chitini cha oyilo wakutha. Pamatuluka utsi wakuda, nthawi zina lawi. Madzi amaziziritsa mofulumira kwambiri moti chitsulo cha sipuling'i chimatha kung'aluka, n'chifukwa chake ambiri amakonda oyilo. Akautulutsa amayendetsa tupa kukamwa kwake. Tupa ikaterereka osaluma, mpeni walimba. Koma pamenepo ndi wouma mopitirira, ukhoza kuthyoka ukagwa pamwala. Ndiye amaupala kuti uwale, n'kuuyandikiza kumakala chamsana, akuyang'anitsitsa mtundu umene ukuyenda pachitsulo. Ukafika pa mtundu wa udzu wouma, cha pa madigiri 200 ndi pang'ono, ndi wa mpeni wosendera. Akaulola kufika pa kubiriwira kwa buluu, kufupi ndi 300, wafewako ndipo wayenera chikwanje. Apa m'pamene pamasiyana mmisiri ndi wongomenya zitsulo. Kuchedwa kamphindi, ntchito yonse ibwerezedwe.

Si sipuling'i yokha. Tupa yakutha ili ndi kaboni woposa gawo limodzi, ndipo mpeni wake umathwa moti n'kumetera, koma ukaupotoza m'fupa umasiya chidutswa momwemo. Osoka nsapato ndi osema ziboliboli amakonda timipeni ta sowo yodulira zitsulo, timene timakhalitsa kwambiri tili takuthwa ngakhale kuti sitipirira kupindidwa. Mbale za pulawo ya thirakitala zimatulutsa makasu ndi nkhwangwa zabwino. Ndiye pali zitsulo zachinyengo: chitsulo chomangira konkire, chimene lero chilimba mawa chikana, ndi chitsulo cha mgolo, choyenera mbaula osati mpeni. Zonsezi zikapakidwa oyilo n'kuikidwa chigumbu cha mlombwa zimaoneka chimodzimodzi pamphasa ya wogulitsa.

N'chifukwa chake wogula wozindikira sathamangira kufunsa mtengo. Amaugogoda mpeniwo ndi msomali n'kutchera khutu, kapena amaupitiriza pachikhadabo. Umamva wina akufunsa kuti, "Adada, ichi n'cha sipuling'i zoona, kapena mwangochidetsa?" Ndipo wosula wodzidalira satsutsana naye. Amatola waya kapena msomali, n'kuutema ndi mpeniwo pachipika, n'kumupatsa kuti aone yekha ngati kukamwa kwaphwanyika. Kumidzi wosula sangathawe mbiri yake, chifukwa amene anagula chikwanje chopindika adzakumana naye pamaliro.

Chitsulo chosachita dzimbiri, cha sitenilesi, chinabwera mochedwa koma chinadzaza msika. Anachitulukira ndi Harry Brearley ku Sheffield mu 1913, pamene ankafuna chitsulo cha mipope ya mfuti. Chinsinsi chake ndi chromium wambiri, wosachepera magawo 10.5 pa 100, amene amapanga kakhungu kosaoneka kotchinga dzimbiri. Ngakhale ku Sheffield komweko osula anachinyoza poyamba kuti sichidula. Ku Zambia chinasefukira boma la Frederick Chiluba litatsegula malonda kuyambira 1991, pamene mipeni yonyezimira ya zigumbu za pulasitiki inayamba kufika m'makatoni kudzera ku Dar es Salaam, ku Nakonde ndi ku Lusaka. Amuna ambiri amainyoza mipeniyi, ndipo ali ndi mfundo. Yambiri ndi ya chitsulo cha kaboni wochepa, chodulidwa pa chipepala chopyapyala ndi kuumitsidwa mothamanga. Imabuntha msanga, ndipo ukainola pamwala, kukamwa kwake kumapanga kalilime kopindikira uku ndi uku m'malo mothwa. Wosula sangaikonzenso, chifukwa chitsulochi chimafuna moto woposa madigiri 1,000 woyezedwa bwino, ndipo sichigwirana pa makala.

Koma mlandu uwu amaweruza ndi amuna, pamene wogwira mpeni tsiku lonse ndi mayi. Iye akudula tomato, anyezi, mango ndi nsomba ya mchere, kenako mpeni umalowa m'beseni la mbale n'kugona m'madzi. Mpeni wa sipuling'i pa moyo wotere umadetsa chakudya, umasiya kafungo kachitsulo, ndipo umafuna kupukutidwa ndi kudzozedwa nthawi zonse. Wa sitenilesi safuna zonsezo. Ukabuntha amaukwecha kawiri katatu pa simenti ya pakhonde kapena kunsi kwa kapu yadothi, n'kupitiriza ntchito. Ukasowa, kapena mwana akapita nawo kudimba osabwera nawo, mtima supweteka. Nkhwani ndi chigwada sizifuna mpeni wometa. Amayiwo anasankha mwanzeru, malinga ndi ntchito yawo. Ndiponso chromium si amene ali ndi mlandu wa kubuntha. Pali zitsulo zosachita dzimbiri zothwa kwambiri, zokhala ndi kaboni wokwanira ndi zoumitsidwa mosamala, kungoti mtengo wake sufika pamsika wa kumudzi.

Ku Ulaya, ku America ndi ku Japan kuli anthu amene amakangana usiku wonse za manambala a kulimba kwa mipeni, pa muyezo wotchedwa Rockwell. Mpeni wotchipa wa kukhitchini umakhala cha pa 52 mpaka 55, wa sipuling'i woumitsidwa bwino umakwera pang'ono, ndipo mipeni ya ophika a ku Japan imadutsa 60. Palinso zitsulo zatsopano zopangidwa kuchokera ku ufa wachitsulo, zodzaza ndi vanadium, zimene zimadula miyezi osabuntha. N'zodabwitsa ndithu. Koma tinthu tolimba timene tili m'kati mwake timaposa mchenga wa m'mwala wonolera, moti zimafuna miyala yopakidwa dayamondi. Mpeni wotere utafika kwa Chitungulu, ungasangalatse mwini wake mpaka tsiku loyamba kubuntha, basi.

Kuchigwa cha Luangwa osula anali ndi mbiri ina. Luso lomwe lija losula nkhwangwa linkasulanso mfuti za gogodera, ndipo waya wa mabuleki a njinga ndi wa mipanda unkasanduka misampha. Bungwe la COMACO, limene linayamba ntchito yake ku Lundazi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 motsogozedwa ndi Dale Lewis, lakhala likulandira mfuti ndi misampha kwa alenje amene asankha ulimi, n'kumawagula mtedza, mpunga ndi uchi. Mlimi wa njuchi ndi wa mpunga amafunabe chikwanje ndi chikwakwa, kotero chipala sichinasowe ntchito.

Chimene chikusowa tsopano ndi chitsulo chenichenicho. Ogula zitsulo zakutha amayenda m'midzi ndi sikelo, kugula pa kilogalamu chilichonse chachitsulo, mapulawo othyoka, mafelemu a njinga ndi masipuling'i omwe, n'kukweza pa malole opita ku mafakitale osungunula zitsulo monga ya ku Kafue. Kumeneko sipuling'i yabwino imasungunukira pamodzi ndi migolo, n'kutuluka ili chitsulo chomangira konkire. Wosula, amene kale ankangopempha kwa makaniko, lero akupikisana ndi sikeloyo. Nazonso galimoto zing'onozing'ono zimene zadzaza misewu zili ndi masipuling'i ozungulira, amene ndi abwino pa tchizulo koma otopetsa kuwatambasula kuti akhale chikwanje, ndipo njinga zamoto zimene zachuluka m'midzi zilibe chitsulo chaphwatalala n'chimodzi chomwe. Osula ena ayamba kuitanitsa masipuling'i a malole kwa achibale a ku Chipata ndi ku Lusaka, ndipo mtengo wa basi umalowa mu mtengo wa mpeni.